Kiyi wa Mayi Dinka

Mayi Dinka Ursic anabadwira ku Punta Arenas, mzinda wozizira wa kum'mwera kwenikweni kwa dziko lapansi, ndipo zaka makumi atatu anazithera m'fakitale yopakira nyama ya nkhosa, mpaka zala zinapindika ndi chisanu. Ku Croatia sanapondeko n'kamodzi komwe. Komabe akati "kwathu" amanena mudzi wa Sutivan pa chilumba cha Brač m'dzikolo, kumene bambo awo anachoka mphesa zitafa ndi matenda. Mkuluyo anakhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba, ati abwerako posachedwa. Anamwalira akuyala miyala m'misewu ya eni.

Kiyiyo, wamtali ngati chikhato, anatsala ndi Mayi Dinka. Chaka chilichonse pa tsiku la Roko Woyera ankamupukuta ndi mafuta a azitona kuti asachite dzimbiri, podikira woti akatsekule nyumba ija. Ana awo onse anakana. Tangoganizani, zaka zonsezo!

Ndiye chaka chatha mdzukulu wawo Yasna, amene amawatchula gogo akewo kuti Nona, analowa akuthamanga.

"Nona, pasipoti ya Croatia ija yatuluka!"

Gogoyo anatulutsa kiyi m'kansalu. "Chitseko chake n'chobiriwira. Ukakankhe ndi phewa, bambo ankati chimalimba."

"Nona inu! Ine ndikupita ku Dublin kukasamalira okalamba. Pasipotiyi njongolowera ku Ulaya."

"Okalamba atha kuno? Ine ndine chiyani, mwana wa sukulu?"

"Inu mumalipira ndi timandasi ta Khirisimasi."

"Kamwa ngati ya amako. Koma pa tchuthi ukafikeko, si pafupi?"

Yasna anasiya kuseka. Anatsekula foni n'kuwaonetsa chithunzi chimene munthu wina wa ku Sutivan anamutumizira pamene ankafufuza makalata a pasipoti: zipupa zopanda denga, mkuyu utamera pakati.

"Nanga chitseko chili kuti?"

"Palibe, Nona. Mbuzi zimangolowa."

Mayi Dinka anayang'anitsitsa nthawi yaitali. "Si nyumba yake imeneyi," anatero, iwo amene sanaionepo. Anamufumbatitsa kiyi mtsikanayo, ndipo iye analandira n'kuwapsompsona pachipumi.

Patatha masiku atatu ndege ya Yasna itanyamuka, Mayi Dinka akufuna supuni, anamupeza kiyi uja m'dilowa, atakulungidwa bwinobwino m'kansalu kake.

Tsiku la Roko Woyera lapita mwezi watha, mphepo ikugwedeza malata. Mafuta aja gogoyo anathira pa mbatata. Kiyi akadali pakati pa masupuni, ndipo m'mano mwake mwayamba kufiira.