Yunifolomu ya Amayi M'beseni

Amayi anga ku wodi amawatchula kuti Kadzidzi. Iwo dzinalo amalikonda, koma ine limandinyansa. Ndi namwino, ndipo akhala akugwira ntchito usiku kuyambira ndili kamwana. Anasankha okha bambo atamwalira, kuti masana azindiona ndikabwera kusukulu. Ine ndinakula mpaka kuyamba ntchito yauphunzitsi, koma iwo usiku sanausiye. Ankati masana kuchipatala kumachuluka mabwana, pomwe usiku munthu umagwira ntchito yako popanda wokulondalonda.

Kunyumba kwathu zinthu zinkayenda chadodolido. Ine ndikamadzuka iwo ndiye akulowa, maso ali psuu. Pawindo la kuchipinda kwawo tinapachika bulangete, koma tulo ta masana n'tachabechabe, kunja ana akusewera, galimoto zikudutsa. Ankangogona pang'ono n'kudzuka kukachapa. Chakudya chawo chinali tiyi wa shuga wambiri ndi buledi, chiimirire. Ndikadandaula ankandiseka kuti taonani mphunzitsi akuphunzitsa namwino kadyedwe.

Anamwino ali ndi khalidwe limodzi lomwe limandipsetsa mtima. Akadwala saima pamzere. Amapimana okhaokha m'khonde akamadutsana. Amayi atayamba kutopa ndi kuwefuka pokwera masitepe, mnzawo wa kuntchito, amene ine ndimawatchula kuti azakhali, anangowatsitsa chikope ndi chala n'kuona kuti m'kati mwayera. Anati magazi achepa, n'kuwapatsa botolo la mapiritsi owonjezera magazi. Kupima kunathera pomwepo. Mapiritsi amenewa amadetsa chimbudzi, ndipo namwino aliyense amadziwa zimenezo. Ndiye chimbudzi chakuda ankati ndi mapiritsi, kudzimbidwa ankati ndi ntchito ya usiku, kuwonda ankati ndi ukalamba. Panalibe funso lomwe amayi ankasowa yankho lake.

Tsiku lina m'mawa ndinamva chinthu chikugwa kubafa. Ndinawapeza atakhala pansi, atatsamira khoma, nkhope ili mbuu, akundiuza kuti angoterereka. Pansi panali pouma. Tsiku limenelo kusukulu sindinapite. Ndinawakokera kuchipatala chawo chomwecho, ndipo anakhala pabenchi ya odwala atazolika kuti anzawo asawaone.

Dokotala wake anali wachikulire, amene anagwira nawo ntchito zaka zambiri. Ataona zotsatira za magazi, nthabwala zinatha. Anati munthu womwa mapiritsi miyezi yonseyi magazi sangakhale otsika chonchi, ndiye kuti penapake akutayika. Anatchula khansa ya m'matumbo mosapita m'mbali. Ananenanso kuti ofufuza ena amaganiza kuti kugwira ntchito usiku kwa zaka zambiri kumawonjezera chiopsezo, ngakhale nkhaniyo sinatsimikizike. Kenako anawayang'ana amayi m'maso.

"Sisitala, chimbudzi chinayamba kuda musanayambe mapiritsi, kapena mutayamba?"

"Nditayamba," amayi anayankha msangamsanga.

Anawapatsa tsiku loti akawaunike m'matumbo ndi kachipangizo ka kamera. Dzulo lake ankayenera kukhala pakhomo, osadya kanthu, kumamwa mankhwala otsuka m'mimba. Tsikulo litayandikira, amayi analowa m'malo mwa mnzawo amene mwana wake ankadwala, n'kulisuntha. Anawapatsa lina, nalonso analisuntha, ati wodi yadzaza. Pamenepo dokotala anaimbira foni ine. Anati anthu odikira makinawo ndi ambiri, akaphonyanso adikira miyezi, ndipo iye sankakhulupirira kuti miyezi imeneyo tili nayo.

Ulendo wotsatira ndinapempha tchuthi kuti ndiwalondere. Ndinasungunula mankhwala aja m'jagi n'kuika patebulo. Amayi ankangolizungulira jagilo, kupukuta apa, kusuntha apo. Chakumasana foni yawo inalira. Anali a matironi, mkulu wa anamwino, akudandaula kuti anthu awiri sabwera ndipo wodi ilibe woiyang'anira usiku. Ndinamva amayi akunena kuti asadandaule, abwera. Anasita yunifolomu, kuiyala pabedi, n'kulowa kubafa.

Mtima unandiwira. Ndinatenga yunifolomu yositayo, ndinatenganso inzake m'wadirobu, zonse n'kuziviika m'beseni la madzi a sopo. Atatuluka kubafa anazipeza zikuyandama.

"Iwe wapenga? Kuli odwala kumeneko."

"Wodwala ali muno, amayi. Ngati mukupita, mundiponde kaye ine."

Ndinaima pachitseko. Chibadwire ndinali ndisanawayankhepo chonchi, ndipo ndinkadikira mbama. Anandiyang'ana, madzi akudontha kutsitsi. Kenako anakhala pampando ngati munthu wotula katundu wolemera.

"Adokotala aja ndinawanamiza," anatero. "Chinayamba kuda ndisanamwe piritsi ngakhale limodzi."

Anandiuza kuti odwala matenda amenewa awasamalirapo ambiri. Ena ankawasintha matumba a chimbudzi a pamimba, ena anawatseka maso ndi manja awo. Tsiku loyamba lomwe anaona chimbudzi chija anadziwa chimene chingakhale, ndipo azakhali atawapatsa botolo lija analilandira ndi manja awiri chifukwa anapeza chonamizira. Ankathawira kuntchito poti kumeneko iwo ndiwo amagwira dzanja la wodwala. Ndinawakwiyira kwambiri, koma chisoni chinandigwiranso. Ndinangothira mankhwala m'kapu n'kuwapatsira. Anatenga foni, kuuza a matironi kuti afune wina, n'kumwa kapu yoyamba atatsinzina.

Mawa lake ndinadikira m'khonde, chikwama chawo chili pamiyendo panga. Chitseko chikangotseguka ndinkadzuka. Dokotala atatuluka sanandilole kuima, anandiuza kuti ndikhale pansi. Chotupa chinalipo, chachikulu, chitatsala pang'ono kutseka njira. Atawapimanso anapeza kuti kuchiwindi sichinafike. Sabata yomweyo anawachita opaleshoni n'kudula mbali ina ya matumbo. Kutsogoloku kuli mankhwala ena, ndipo dokotala sakulonjeza kanthu. Ndinamufunsa kuti zikanakhala bwanji akanabwera pomwe chimbudzi chinayamba kuda. Anangoti tisamawerenge za m'mbuyo, ndipo ine ndinamva yankho lake.

Pano agonekedwa m'wodi yomwe ankagwiramo ntchito, pabedi la pafupi ndi windo. Amadzudzula aliyense woyala bedi mokhota. Dzana m'mawa azakhali anabwera kudzawaona ataweruka, ali m'yunifolomu, akuwefuka ndi masitepe. Amayi anawakoka dzanja kuti awerame, n'kuwatsitsa chikope. Azakhali anaseka, ati tisavutike, mapiritsi aja nawonso anayamba kale kumwa.

"Chako chinayamba liti kuda?" amayi anafunsa.

Azakhali anayang'ana kuwindo. Anayamba kukonza bulangete la amayi, lomwe linali lokonza kale. Amayi sanawasiye dzanja, koma anatembenukira kwa ine.

"Aperekeze pabenchi paja. Akakuvuta, uwaviike m'beseni ndi yunifolomu yomweyo."

Palibe amene anaseka. Ndinanyamula chikwama cha azakhali, ndipo botolo la mapiritsi linachita phokoso m'katimo.