Nsungwi za Manachesi pa Bwalo la Atsikana

"Menya! Wakweza kale, ukudikiranso chiyani? Menya tione!"

Amene ankakuwa choncho ndi achemwali anga, ataima pakati pa bwalo la netibo, mpira uli m'khwapa. Ine ndinali nditakweza nsungwi yanga m'mwamba ngati munthu wofuna kupha njoka. Ndinali Sitandade 6, iwo Sitandade 8. Sindinamenye. Koma ndisaname, panatsala pang'ono. Mayi wina amene ankadutsa atasenza nkhuni anaima n'kuona zonse.

Nsungwi imeneyo ndimaikumbukira kuposa nkhope za anzanga ambiri a m'kalasi. Kutalika kwake inkandilekeza pachifuwa. Kunsonga kunali mkombero wa waya, ndipo pa mkomberowo ndinalukapo kaukonde ka ulusi wosomola pa thumba la feteleza. Pogwirira panali patada ndi thukuta, ndipo ukainunkhiza inkamveka fungo la makoko a mandimu.

Kwathu ndi ku Dambe, kumapiri. Amene anafikako akudziwa kuti malo athyathyathya kumeneko ndi osowa. Pa sukulu yathu tinali ndi mabwalo awiri. La mpira wamiyendo linali lopendekeka moti timu yoyambira kumtunda inkakhala ngati yachinya kale. La netibo linali laling'ono koma losalala bwino, chifukwa atsikana analikonza okha. Analikumba ndi makasu, n'kututa dothi m'mabeseni kwa matemu awiri mpaka linafanana. Lachisanu lililonse ankabwera ndi phulusa m'zitini kudzajambula mizere. Ine zonsezi ndinkaziona, koma ndinkaziona mmene mwana amaonera mvula: chinthu chongochitika chokha.

Ana tinali titachuluka kwambiri zaka zimenezo, sukulu itangokhala yaulere. Anyamata tinalipo khamu, mpira wachikopa unali umodzi, ndipo unkasungidwa mu ofesi ya ahedi ngati mankhwala. Amene ankaugunda anali akuluakulu a ndevu a Sitandade 8. Enafe tinkangozungulira bwalo kudikira kuti utuluke tikautole.

Ine ndinali wandewu. Mpaka pano mtima wanga ndi wapachala, akazi anga angachitire umboni, koma nthawi imeneyo ndinali woipa. Munthu akangondiponda pamzere, chibakera. Akaseka kabudula wanga wa zigamba, chibakera. Temu yoyamba ya chaka chimenecho ndinagulula dzino la mnyamata wina chifukwa cha mpira womwewo. Ahedi anaitanitsa amayi. Ndikukumbukira amayi atakhala pansi pa simenti mu ofesi, atakana mpando, manja ali pamiyendo. Ahedi ananena mawu ochepa: "Akangokwezanso dzanja pa mwana wina, mudzamutenge. Sitisunga nkhuku yojompha zinzake." Bambo anali atamwalira ndili wamng'ono, ndiye panalibe wina wokandipepesera kuposa pamenepo. Pobwerera amayi sanandikalipire. Ankangoyenda patsogolo, ine pambuyo, njira yonse.

Temu ya nyengo yozizira kunabwera aphunzitsi atsopano, achinyamata, ochokera kumene ku koleji. Anali oonda, ndipo juzi yawo inali imodzi yomweyo, yobiriwira. Tsiku lina anatiyang'ana ife otola mpira n'kutiitana. Anatulutsa pepala long'ambidwa m'magazini, limene anakutira buku lawo. Panali chithunzi cha azungu ovala zisoti, akuthamanga ndi ndodo zokhala ndi timaukonde kunsonga. Anati masewerawo dzina lake lakrosi. Iwonso anali asanawaonepo ndi maso, malamulo ankangowadziwa pang'ono kuchokera pa mawu a pansi pa chithunzicho. Mnyamata wina anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Sala, izitu ndi zothyolera manachesi." Tonse tinafa nazo nseko, aphunzitsinso anaseka. Kenako anati, "Ndiye kuti zida muli nazo kale. Lolemba aliyense abwere ndi yake."

Yanga anandithandiza kupanga ndi amalume. Iwo anali ndi mitengo ya manachesi kuseri kwa nyumba, ndipo nyengo imeneyo inali yothyola. Sanafunse zambiri. Anadula nsungwi yokhwima, anaiwamba pamoto kuti iwongoke, n'kundionetsa kalukidwe ka ukonde. Atamaliza ananditengera pansi pa mtengo n'kuti ndithyole nachesi limodzi la pamwamba. Ndinalikoka mwamphamvu, linaphulika, madzi n'kundigwera m'maso. Amalume anagwedeza mutu. "Nachesi salimbana nalo, mphwanga. Umalilandira." Ndinathyola mpaka madzulo, ndipo amene ndinaphulitsa anandiuza kuti ndidye ndekha, ndi makoko omwe ngati ndikufuna.

Mpira wathu unali ndimu losapsa. Limauluka bwino, ndipo likakugunda pamsana umalikumbukira sabata yonse. Pa bwalo lopendekeka lija sizinatheke, ndimu likagwa linkagubuduka mpaka kudambo, komanso a ndevu aja sankafuna kutiona. Ndiye aphunzitsi anapempha kuti tizibwereka bwalo la netibo masiku awiri pa sabata.

Sindidziwa ngati zimene tinkasewerazo mwini masewerawo akanazizindikira. Zisoti tinalibe, nsapato tinalibe. Zigoli zinali madengu awiri ogonekedwa chammbali. Koma lamulo limodzi aphunzitsi analigwira zolimba: ndodo imenye ndodo, isakhudze munthu. Wophwanya lamulo ankakhala pansi pambali, ndodo ili pamiyendo, kuonerera anzake mpaka belu. Mwezi woyamba ndinakhala pansi kanayi. Chikwapu sindinkachiopa, ndinali nditachizolowera, koma kukhala pansi pamenepo anzanga akuthamanga kunkandiwawa mpaka m'mafupa.

Pang'onopang'ono ndinayamba kuzigwira. Ndimu likamabwera, ukalimbitsa manja limadumpha mu ukonde n'kugwa. Uyenera kubweza ndodo m'mbuyo pang'ono, kulilola kuti likhazikike. Ine amene manja anga ankangodziwa kufumbata chibakera ndinayamba kuwafewetsa. Ndinakhala katswiri, ndikunena mosadzitama. Chiperoni chikagwa, nkhungu itaphimba phiri, zala zitauma ndi kuzizira, ndinkamva ndimu likulowa mu ukonde ndi kaphokoso kake kofewa, mtima n'kukhala m'malo. Temu yonseyo sindinamenye munthu. Aphunzitsi ankandiitana "kapitawo", ndipo aka kanali koyamba munthu wamkulu kunditchula dzina losakhala lachipongwe.

Chimene sitinkaona n'chakuti bwalo tinkaliwononga. Anyamata makumi awiri othamanga ndi ndodo sasiya dothi mmene analipezera. Tinkakumba maenje potola ndimu pansi. Mizere ya phulusa inkafufutika tsiku lomwelo. Wina anagunda mtengo wa golo, mkombero wake n'kupindika. Masiku awiri aja anasanduka atatu, kenako tinkangofika tsiku lililonse. Atsikana anali ndi mpikisano wa sukulu za m'dera lathu kumapeto kwa temu, ndipo achemwali anali oponya zigoli awo komanso mtsogoleri wa timu. Anali aatali, ndipo akaima pansi pa golo sankaphonya kawirikawiri. Chaka chimenecho chinali chawo chomaliza.

Tsiku la mkangano lija linali la atsikana, Lachinayi. Ife tinafika msanga n'kuyamba. Iwo anabwera, analowa pakati pa masewero, anatola ndimu lathu n'kuliponya kutchire. Zotsatira zake ndanena kale.

Mayi wa nkhuni uja anali mkazi wa wapampando wa komiti ya sukulu. Sabata yotsatira makolo anaitanidwa. Nkhani zinali ziwiri koma zinali zitalukana: kodi sukulu ivomereze masewera atsopanowa kukhala a sukulu, ndi bwalo lawolawo, kapena athetsedwe? Nanga mwana wandewu uja wakwezanso dzanja kapena ayi?

Tinakhala m'kalasi ya Sitandade 8, makolo pa mabenchi, ife ana oitanidwa titatsamira khoma. Anthu analankhula mpaka dzuwa kupendeka. Bambo wina anati masewera opatsa ana zibonga ndi kuitana maliro. Wina anati tidzasewera ndi ndani, poti sukulu ina iliyonse kuno sikuwadziwa. Funso limenelo linali lanzeru, ndipo palibe analiyankha. Mayi wina anafunsa kuti anyamata ali kale ndi bwalo lalikulu, akufuniranji lachiwiri. Ameneyonso sanayankhidwe, amuna anangoseka. Aphunzitsi a juzi yobiriwira anaimirira n'kunena kuti anyamata makumi awiri amene ankangoyendayenda tsopano ali ndi chochita, ndipo anandiloza ine: "Uyu nonse mukumudziwa. Temu ino wamenya ndani?"

Apo wapampando anati, "Funso labwino. Akazi anga anaona zina." Anaitana achemwali kuti abwere kutsogolo.

Ndinayang'ana amayi. Anali atawerama, akupotokola nsonga ya chitenje. Ndinkadziwa kuti zanga zatha. Achemwali akangonena zoona, ine ndichotsedwa sukulu, masewera athetsedwa, bwalo libwerera kwa eni ake. Zonse zimene ankafuna zinali m'mawu amodzi okha, ndipo mawuwo sanali bodza.

Ahedi anafunsa, "Kodi mlongo wakoyu anakukwezera ndodo kuti akumenye?"

Achemwali sanandiyang'ane. Anati, "Ayi. Amandionetsa kagwiridwe kake."

"Nanga kukuwa kuja?"

"Ndimakuwa choncho ine. Afunseni amayi."

Anthu anaseka. Mkazi wa wapampando anayamba kulankhula, koma amuna ake anamugwira mkono. Makolo anakweza manja, ndipo ambiri anavomereza masewerawo. Anagwirizana kuti bwalo laling'ono likhale la anyamata a ndodo, atsikana adzawapezera malo ena kuseri kwa zimbudzi. Malowo anali a miyala ndi zitsa. Sanakonzedwe chaka chimenecho, ngakhale chotsatira.

Mwezi wathawu mwana wanga wamwamuna, amene ali ku yunivesite ya boma, anandiimbira foni. Akuti kumeneko kwabuka mtsutso: anyamata ena akufuna kuti sukulu iyambitse timu ya masewera omwewa, yovomerezeka, yoimira sukulu. Iye ali mbali yofuna. Ankayembekeza kuti ndimuombera m'manja, popeza nkhani ya nsungwi yanga anakula akuimva. Ndinamuuza kuti masewerawo ndi abwino, ine anandisunga pa sukulu mpaka ndinafika Folomu 4. Kenako ndinamufunsa kuti bwalo lake alanda kwa ndani. Anati, "Adadi, palibe akulanda, tizingobwereka la atsikana masiku awiri." Ndinakalipa mpaka mayunitsi ake anatha. Mwanayo sanalakwe kwenikweni, ndipo ndinamuimbiranso kumupepesa. Koma ndinamuuza kuti asanakweze dzanja pa voti, apite akafunse amene anakonza bwalolo, ndipo akamve yankho lawo mpaka kumapeto.

Masewera athu anatha patapita chaka ndi theka, aphunzitsi aja atasamutsidwa. Sitinasewerepo ndi sukulu ina ngakhale kamodzi. Aphunzitsiwo sindikuwaimba mlandu. Anaona ana osowa chochita n'kuwapatsa chochita, ndipo kulikonse kumene ali, ndimawathokoza. Amalume anapita kale, mitengo yawo ndimathyola ndine. Atsikana anapita ku mpikisano uja osakonzekera ndipo anagonja masewero oyamba omwe. Achemwali sanasankhidwe kupita ku sekondale. Anakwatiwa ku Ligowe, amagulitsa mbatata ya kachewere pamsika, ndipo netibo sanasewerenso. Nkhani ya tsiku limenelo ndinaiyambitsapo kamodzi tili akuluakulu. Anandidula: "Iwe, ukanachotsedwa sukulu ukanavutitsa ndani? Si ife tomwe?" Basi, n'kuyamba kundifunsa za mtengo wa feteleza.

Koma zonsezi ndikuzidziwa lero. Tsiku la msonkhanolo ndinkangodziwa kuti tawina. Ndinathamanga njira yonse yopita kunyumba ndikuzunguza nsungwi m'mwamba, ndipo ndinakadya ngati munthu wobwera kumunda. Achemwali anati mutu ukuwapweteka, sanadye.

M'mawa mwake ndinadzuka mame asanaume, ndinatenga khasu la amayi n'kupita ku sukulu ndisanasambe. Palibe anandituma. Ndinkafuna kuti aphunzitsi akamafika apeze bwalo lathu lili poyera. Ndinakumba mozungulira mtengo wa golo woyamba, wa bulugamu, umene atsikana anautsendera ndi miyala. Unali wozama kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinaugwedeza mpaka unagwa, koma kuunyamula ndekha ndinalephera. Ndikulimbana nawo choncho, ndinamva kumbuyo kwapepuka. Anali achemwali, atavala kale yunifolomu, mabuku ataika pansi. Anagwira mbali ya mkombero, ine mbali ya dothi, tinaunyamula mpaka kuseri kwa ofesi n'kuugoneka m'mbali mwa khoma. Anawongola mkombero wopindika uja ndi manja awo, anapukuta manja pa udzu, n'kunena kuti, "Tiye ukakumbe winawo belu lisanalire."

Ine ndinasangalala kuti mkwiyo wawo watha msanga, ndipo ndinathamangira khasu.