Munthu Wotuwa Paphewa Panga

Ndikakumbukira agogo Kachingwe, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la parafini ndi la chikopa chakale cha chikwama cha kamera yawo. Sanali agogo anga enieni. Tinkangokhala nawo yadi imodzi ku Mamelodi, ku Joni. Ankagwira ntchito ya m'gadeni ku Montana, dera la olemera komweko, ndipo kamerayo anawapatsa bwana wawo poti yakalamba.

Kanali kabokosi kakuda ka maso awiri, lapamwamba loonera, lapansi lojambulira. Ankakagwirira pamimba n'kuwerama ngati akupemphera, chifukwa munthu ankaonekera pagalasi la pamwamba, kumanja kuli kumanzere. Filimu imodzi, zithunzi khumi ndi ziwiri basi. Pakati zinkatuluka bwino mpaka thukuta kuoneka, koma m'mbali munali chifunga. "Imani pakati, mayi, m'mbalimo ndi mwa okudani," ankatero Lamulungu, Amalawi atandanda kujambulitsa zotumiza kumudzi.

Ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kunabwera uthenga woti agogo anga enieni ku Ntcheu adwala kwambiri, akufuna aone nkhope yanga. Anali asanandionepo. Wonyamula katundu wa kumudzi ankanyamuka Lachisanu, ndipo mufilimu munatsala malo amodzi.

Izi mayi anga sakuzidziwabe mpaka lero. M'mawa wa Lamulungu limenelo, agogo Kachingwe akuthirira repu kuseri, ndinatenga kamera pabedi pawo, ndinawapeza pagalasi paja, n'kudina. Kamera imeneyi inalibe choletsa. Ukapanda kupukusa filimu, inkajambula pamwamba pa chithunzi chinzake. Masana agogowo anandiitana, "Chisomo, ima njo!" n'kundijambula nditavala diresi yakutchalitchi.

Lachinayi chithunzi chinabwera. Ine ndili pakati, paphewa panga munthu wotuwa atanyamula chitini cha madzi.

"Eish, agogo, ichi n'chiyani? Nditumize mzukwa kwa munthu wodwala?" mayi anatero, misozi ili lengelenge.

Agogo Kachingwe anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kutembenukira kwa mayi.

"Ndi ukalambawu, amake Chisomo. Ndinapempha munthu andijambule m'mawa, n'kuiwala kupukusa. Tumizani choncho. Akaone kuti ku Joni kuno mwanayu ali ndi womuyang'anira kumbuyo."

Chinapita. Agogo a ku Ntcheu akuti anachisunga pansi pa pilo mpaka tsiku lawo lomaliza. Mayi anabwera nacho pochokera kumaliro, ndipo pano chili pakhoma kwanga. N'chithunzi chokhacho cha agogo Kachingwe chimene ndikuchidziwa.

Ndine mayi wamantha, wosachedwa kukalipa. Dzulo mwana wanga wa zaka ziwiri anakhwatchakhwatcha satifiketi yanga ya ku koleji ndi bolopeni. Dzanja linali kale m'mwamba pamene maso anga anagwera pa munthu wotuwa uja. Ndinalitsitsa.

Bambo ake atafunsa, ndinati, "Ndine ndinaisiya pansi."