Akuti ndibwere nawo eni ake galimoto

Kodi munthu amene tinamuika m'manda angabwere bwanji kuofesi kwanu? Ndikufunsa inu a kampani ya inshuwaransi amene mwandiyendetsa mwezi wonse uno ngati ndinakuberani.

Ine ndimakhala kuseri kwa phiri la Dedza. Ndili ndi kapikapu kakale komwe ndimanyamulira mbatatesi ndi kabichi kupita nazo ku Linthipe. Ndakayendetsa zaka khumi ndi ziwiri, m'chifunga cha mu Juni, m'matope a dzinja, pakati pa njinga za makala zongotulukira pakona. Sindinagundeko ngakhale nkhuku. Sindinapiteko kukampani kukapempha ndalama ya ngozi, olo kamodzi.

Chaka chino mtengo wa inshuwaransi anakweza moti sindingathe. Kampani ina inandiuza kuti indichotsera pafupifupi theka, bola ndibweretse kalata yochokera kukampani yakale yotsimikiza kuti zaka zonsezi sindinachite ngozi. Ndinati basi, zapafupi izi. Kalanga ine!

Galimotoyi ndinagula ndine, ndi thukuta la kudimba. Koma ndinailembetsa m'dzina la amuna anga, bambo a Chisomo, inshuwaransinso chimodzimodzi. Iwo anali mkamwini kwathu kuno. Munda ndi wa kwathu, nyumba ili pamalo a mayi anga, mbuzi zomwe anthu ankati n'za kuchikazi. Alongo anga akalawa pang'ono ankawafunsa kuti, "Alamu, inu chanu pano n'chiyani?" Zinkandipweteka. Ndiye ndinati galimoto ikhale yawo, nawonso azikhala ndi choloza. Kuyendetsa sankadziwa n'komwe. Ankangokhala pampando wapambali, chipewa kumutu, kumakwezera anthu dzanja pamsewu, ine ndili pachiwongolero. Anatisiya mu Ogasiti chaka chatha. Mapepala a galimoto ndinasinthitsa kale, tsopano ali m'dzina langa.

Ndinayambira paofesi yaing'ono ya kampani yakaleyo ya pa Boma. Mtsikana wa pamenepo, maso ali pafoni, anati kalata yotere amapatsa eni ake okha, ndibwere nawo. Ndinati anamwalira. Anadzutsa mutu n'kuti, "Pepani mayi. Ndiye zimenezo n'za ku Lilongwe." N'kubwereranso pafoni.

Ku Lilongwe ndinafika isanakwane eyiti. Ndinakhala pabenchi mpaka masana. Poyamba akuti netiweki yathawa. Itabwera netiweki, bwana anali atapita kukadya. Atabwera bwana, bambo wa tayi wonunkhira bwino, anafuna setifiketi ya imfa. Ndinatulutsa. Anafuna ya ukwati. Ndinatulutsanso, ya kutchalitchi, yofiirira kale m'mbali. Anaoneka ngati wakhumudwa kuti ndili nazo zonse.

Kalata anandilemberadi, koma m'dzina la malemu. Nditapita nayo kukampani yatsopano, anaiwerenga mwaulemu n'kundibwezera. Akuti dzinali si langa, iwo akufuna umboni wa ine mwini.

Sabata yotsatira ndinakweranso minibasi. Ndinawapempha bambo wa tayi aja kuti angowonjezera mzere umodzi wokha, woti woyendetsa anali mkazi wawo. Si bodza ayi. Mufayilo yawo yomweyo muli kope ya laisensi yanga, chifukwa tsiku lolembetsa anafunsa kuti aziyendetsa ndani. Anatsegula, anaona nkhope yanga ndili wanthete, anandiyang'ananso ine wa lero. Kenako akuti, "Mayi, ndikukumvetsani, koma kompyuta siilola. Zaka zimenezi n'za malemu. Inu muyambe ngati watsopano."

Watsopano? Ine? Ndilipire mofanana ndi mnyamata amene watenga laisensi dzulo? Nanga zaka zonsezi galimoto inkadziyendetsa yokha? Pamene ndalama ndinkabwera nazo ndine chaka ndi chaka, bwanji kompyutayo sinakane?

Ndinangotola mapepala anga n'kunyamuka. Zolankhula m'maofesi anali katswiri ndi bambo a Chisomo. Ankavula chipewa, kufunsa kalaliki kuti kwawo n'kuti, mpaka apezana chibale, zinthu n'kutheka anthu akuseka. Ife tinagawana choncho, ine msewu, iwo pakamwa. Tsiku limenelo ndinatuluka ndekha, ndinakwera ndekha, ndinafika nyumba ili zii. Chisomo ali ku Joni, ndikamuimbira amangoti, "Amama, ingolipirani." Palibe woti ndimufotokozere n'kundiyankha kuti, "Aa, anthu amenewa!" Kusowa kwa amuna anga kumeneko kukundipweteka kuposa ndalama.

Inshuwaransi yakale ikutha Lachisanu. Kupitirira apo galimoto siingatuluke, apolisi apamsewu alibe chisoni ndi zimenezi. Mbatatesi ndinakumba kale, ili mulu m'chipinda, ina yayamba kumera. Mavenda amva, ayamba kuzungulira pakhomo ndi mitengo yachipongwe. Ndikawagulitsa choncho, feteleza wa chaka chamawa ndiiwale.

Ndiye mverani za dzulo. Foni ya amuna anga sindinaizimitse, ndimaitchajabe, musandifunse chifukwa. Masana ndikusankha mbatatesi inalira. Mawu a mtsikana, okoma ngati wa pawailesi, ochokera kukampani yakale yomwe ija. Akuti, "Tingalankhule ndi abambo? Tikufuna kuwathokoza chifukwa choyendetsa mosamala. Akakhalabe nafe chaka chino, tiwachotsera mtengo."

Ndinakhala pansi. Ndinamuuza kuti abambowo ali kwawo ku Chongoni, akafike pamudzi afunse njira ya kumanda, mtumbira wawo uli pafupi ndi mtengo wa msuku. Anangoti "pepani" n'kudula.

Amayi anzanga amene munalembetsa zinthu m'dzina la abambo pofuna kuwapatsa ulemu, pitani nawo kuofesi lero lomwe mukalembetsepo dzina lanu, akadali ndi mpweya. Inu akampani, ndiyankheni Lachisanu lisanafike. Munthu amene sanagwireko chiwongolero mukumuimbira foni kumuthokoza. Ine amene ndinkayendetsa ndili moyo, nambala yanga muli nayo.