Mpeni Wosendera Ng'ombe wa Bambo

Bambo atamwalira sindinapite kumaliro, chifukwa mapepala anga okhalira kuno ku London anali asanatuluke. Patatha miyezi isanu mkulu wanga ananditumizira kaphukusi kudzera mwa mayi wina wa kutchalitchi kwathu. Munali mpeni umene bambo ankasendera ng'ombe ku Limbe zaka zonse za ntchito yawo. Unali wokhota chakunsonga, ndipo chogwirira chake chinali cha mlombwa chimene anasema okha choyambacho chitasweka.

Nthawi imeneyo ndinali nesi, ndikukhala ku Barking. M'wodi mwathu munagonekedwa nkhalamba ina yachizungu yodwala mapapo, imene inkasonkhanitsa mipeni yakale. Tsiku lina ndinawauza agogowo kuti pampeni wa bambo pali mawu ofufutika akuti Sheffield, dzina la mzinda wakuno wotchuka popanga mipeni. Anandipempha kuti akadzatuluka m'chipatala ndikawaonetse ku Ilford, m'kaholo kumene ankakumana ndi anzawo Loweruka masana.

Tsikulo litafika ndinaukulunga mpeniwo m'thaulo n'kuuika pansi penipeni pa chikwama. M'basi monse mtima unali m'mwamba, poti masiku amenewo apolisi ankasecha anthu chifukwa cha mipeni.

Ndinapeza amuna anayi atayala mipeni yawo yonyezimira pansalu yobiriwira, ina yosadulako kanthu chipangidwire. Woyamba kuugwira wa bambo anati ndi wa mmisiri wodziwika, wopangidwa nkhondo yaikulu isanayambe, ndipo chitsulo chotere sichipezekanso. Mnzake wamagalasi anapukusa mutu.

"Anauononga. Anaunola mpaka mimba yonse ya chitsulo inatha. Chogwirira si chake, chimake palibe. Uwu si mpeni wosunga."

Anatsutsana nthawi yaitali ngati ine panalibe. Ine ndinkamva ngati akukambirana za thupi la bambo.

Agogo aja sanalowerere mkanganowo. Ankangoutembenuza mpeniwo pafupi ndi windo, akupuma movutikira. Kenaka anandifunsa kuti, "Bambo anu anali amanzere?"

Ndinakana. Bambo ankadya, kulemba ndi kupatsa moni ndi dzanja lamanja.

Anandionetsa mbali imene chitsulo chinadyeka kwambiri, ndi kadzenje pachogwirira pamene chala chachikulu chinapera mtengo. Anauika mpeniwo m'dzanja langa lamanja, ndipo sunakhazikike. Atausamutsira kumanzere, chala changa chinalowa m'kadzenje kaja bwinobwino.

Kuntchito kwa bambo sindinafikeko n'kamodzi komwe. Ankati si malo a mwana wamkazi. Ndinkangowaona madzulo atasamba kale, akununkhira sopo.

Ndisanakwere basi yobwerera ndinagula m'shopu ina khadi loimbira foni kumudzi. Amayi anayankha ali panja, nkhuku zikumveka, ndipo ndinawafunsa ngati bambo anali amanzere.

"Anali amanzere, inde," anatero. "Aphunzitsi anawakwapula ali mwana mpaka anasiya. Koma kuntchito kunalibe wowaletsa. Wakuuza ndani iwe?"

Ndinati mzungu wina waona pampeni. Kenaka anayamba kundifotokozera tsiku limene anawaona bambo koyamba, pamaliro ku Thyolo, akusenda mbuzi mofulumira anthu atawazungulira. Chimwalirireni bambo, amayi anali asanandiuzeko kanthu za iwo. Ndinaimirira pakhomo pa shopu, chikwama pachifuwa, ndikumvetsera mpaka khadi linatha.