Nyenje za Tionenji

Kunyumba yosamalirako okalamba ku Barking, Tionenji amadziwika kuti sachedwa pa shifiti ndiponso saopa kangaude. Kangaude akaoneka m'bafa, anzake a ntchito amathamangira iyeyo, iye n'kumutola ndi manja kukamusiya panja. Anakulira kwa Nsipe ku Ntcheu, ndipo pamene atsikana anzake ankasewera fulaye, iye ankakhala kuthengo ndi ndodo ya ulimbo kukola nyenje. Sankazidya. Ankazisunga m'mabokosi a machesi pamodzi ndi nkhululu, ziwala ndi akafadala, kalikonse n'kukapatsa dzina, ndipo akapeza ziwiri zofanana ankasinthana ndi anyamata a kusukulu. Atakula anayamba kuzijambula. Chizolowezicho anafika nacho ku London.

Marvin anakumana naye ku tchalitchi ku Tottenham. Anali mwana wa mchimwene wa Mayi Ellen, namwino wachikulire amene anamulandira Tionenji atangofika m'dziko muno, n'kumupatsa jekete ndi pogona. Mnyamatayo anali atangomaliza maphunziro a makompyuta, koma ntchito imene anaipeza inali yolozera anthu mipando ku sitediyamu ya Wembley. Lamulungu lina anamuona Tionenji akujambula chiswamphika kuseri kwa pepala la nyimbo, ndipo mapemphero atatha anamutsatira mpaka pa basi.

Anamufotokozera kuti akupanga gemu ya pa kachipangizo kogwira m'manja. Wosewera azidzayendayenda n'kumagwira tizilombo, kutilera, kutimenyanitsa, n'kumasinthana ndi anzake. Zapakompyuta zonse ankazitha, koma tizilombo take tinkaoneka ngati mbatata zokhala ndi maso. Tionenji ataona anaseka mpaka misozi, kenako anavomera kumujambulira tizilomboto.

Anayamba kukumana Loweruka lililonse masana pabalaza pa Mayi Ellen. Chiyambi chinali chovuta. Galasi la kachipangizoko linali laling'ono, moti chithunzi chilichonse chinkayenera kusanduka timadontho tochepa, ndipo nyenje yoyamba inatuluka ngati nsabwe. Tionenji anaijambulanso kambirimbiri mpaka mapiko anaoneka. Marvin ankafuna kuti tizilombo tizigwidwa ndi ukonde, koma atamva za ulimbo anasintha maganizo: wosewera azinyang'ama pang'onopang'ono, chifukwa nyenje ikamva munthu imakhala chete, ukapupuluma imauluka. Marvin anathera mwezi wathunthu kuti zimenezi zitheke, ndipo tsiku limene zinatheka anavina pabalazapo ngati mwana. Kafadala anamupanga kuti azinamizira kufa pa ndewu. Kulira kwa tizilombo tonse kunali mawu a Tionenji mwiniwake, amene anawajambula atadzitsekera m'kabati ya zovala kuthawa phokoso la mabasi. Gemuyo anaitcha Ulimbo.

Pogwira ntchito chonchi anthu amacheza. Tsiku lina Tionenji, atawakumbuka mayi ake amene anamwalira iye ali kuno, anamuuza Marvin nkhani imene sanauzepo munthu wina. Ali mu Sitandade 5 analephera mayeso, ndipo mayi akewo mokwiya anakhuthulira nkhuku mabokosi ake onse. Iye anakana kudya. Patapita masiku anapeza pamphasa pake bokosi latsopano muli nyenje imodzi, imene mayiwo anakakola okha. Sanapepese ndi pakamwa mpaka kufa kwawo. Marvin anamvetsera mwachidwi, n'kumugwira paphewa.

Chaka chachiwiri chikutha, kampani ina yaying'ono ya magemu inachita chidwi ndi ntchito yawo. Misonkhano inkachitika pakati pa sabata, nthawi ya shifiti, choncho Marvin ankapita yekha. Poyamba ankaimba foni akangotuluka. Kenako ankangolemba kuti, “Zikuyenda achemwali, musadandaule.” Kenako za Loweruka zija zinatha. Tionenji ankamuikira kumbuyo mumtima mwake, kuti mwana watanganidwa, ntchito ya azungu ndi yothamanga.

Zoti gemu yatuluka anazimvera pa zolengeza za ku tchalitchi. Mayi Ellen anaimirira n'kuuza mpingo kuti mwana wawo akayankhula pa chionetsero cha magemu ku Wembley. Tionenji anaganiza kuti Marvin wangoiwala kumuitana. Anasinthana shifiti ndi mnzake, anavala diresi lake la chitenje, n'kukwera sitima.

Atalowa muholo, chinthu choyamba kuona chinali nyenje yake, yaikulu kuposa chitseko. A kampani anali ataikonzakonza pa chithunzicho, maso atawakulitsa, gemu ataipatsa dzina lachingerezi. Zimenezo sizinamupweteke. Anaima kumbuyo kwa ana amene ankasewera, n'kuona kamtsikana kena katagwira mpweya, kakunyang'amira nyenje, ndipo itakodwa kulira kumene kunamveka kunali kwake. Mtima unadzaza. Anakhala pampando wakumbuyo akumwetulira yekha.

Marvin anakwera pa siteji atavala malaya a chitenje, chinthu chimene Tionenji anali asanamuonepo atavala. Wofunsa mafunso anamupempha kuti afotokoze mmene zonse zinayambira. Marvin anayankha m'Chingerezi chosalala kuti iye anakulira kumudzi ku Ntcheu, kuti ankakola nyenje ndi ulimbo n'kumazisunga m'mabokosi a machesi. Tionenji anadikira kuti mwina dzina lake likubwera. Marvin uyu anakulira kumpanda ku Area 10 ku Lilongwe, ndipo mphemvu ikadutsa pabalaza pa Mayi Ellen ankakweza miyendo. Kenako anatsitsa mawu n'kuyamba kunena za mayeso amene analephera, za nkhuku, za bokosi limene mayi ake anamusiyira pamphasa. Mzimayi amene anakhala pafupi ndi Tionenji anapukuta misozi. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

Anamudikira pakhomo la kumbali. Marvin atamuona anaima ngati wapondedwa, kenako anatambasula manja kuti amukumbatire. Tionenji sanasunthe.

“Mayi ako ali moyo, Marvin. Ndinawalankhula pa foni pa Khirisimasi.”

Marvin anayang'ana uku ndi uku, n'kumukokera pakona. Ananena kuti a kampani ndi amene anafuna choncho, kuti anthu amakonda nkhani ya munthu mmodzi osati awiri, kuti dzina lake lilipo kumapeto kwa gemu pakati pa anthu othokozedwa. Ananenanso kuti ankafuna kumuuza koma sankadziwa poyambira.

“Zithunzi ukanatenga, ndinakupatsa ndekha,” anatero Tionenji. “Koma amayi anga sindinakupatse.”

Munthu wa kampani anabwera kudzamutenga Marvin kuti akajambulidwe, ndipo anapita.

Lamulungu lotsatira Tionenji anakadandaula kwa Mayi Ellen, akuyembekeza kuti amuitanitsa mnyamatayo kuti akhalirane pansi. Mayiwo anamumvetsera mpaka kumapeto, n'kumuthirira tiyi. Kenako anamuuza kuti Marvin walakwadi, koma ndi mwana wa tonse, ndipo Mmalawi akakwera kuno sitimukokera pansi pamaso pa alendo. Anamupempha kuti nkhaniyi ithere m'nyumba momwemo. Anamukumbutsanso, mofatsa, amene anamulandira atafika. Apa m'pamene Tionenji anazindikira kuti mayiwo ankadziwa kale. Anamaliza tiyi wake mwaulemu, anatsuka kapu, n'kutsanzika.

Ku Tottenham sanapitenso. Anayamba kupemphera pa tchalitchi china chapafupi ku Barking, kumene anthu ambiri ndi a ku Ghana ndipo palibe amene amadziwa kuti amajambula. Mnzake wa kuntchito anamulangiza kuti akaonane ndi loya. Anapita kamodzi, anamvetsera, koma atafunsidwa chimene akufuna kuti chibwezedwe anaona kuti loya sangachibweze, ndipo sanabwererekonso.

Patapita miyezi, Marvin anaimba foni Tionenji ali pa nthawi yopuma masana. Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za ntchito ndi za kumudzi. Kenako anafika pa mfundo: gemu yayenda bwino, kampani ikufuna gawo lachiwiri, ndipo pakufunika tizilombo tatsopano. Ulendo uno, anatero, dzina lake lidzalembedwa poonekera.

Tionenji anamufunsa ngati ali wokonzeka kuima pa siteji yomweyo n'kunena kuti nkhani ija si yake. Marvin anayamba kufotokoza kuti zimenezo n'zovuta pang'ono chifukwa nkhaniyo inalembedwa kale m'malo ambiri. Tionenji anamuuza kuti awapatse moni Mayi Ellen, n'kudula foni.

Sanalire. Anakhala kanthawi akuyang'ana mvula pawindo la kukhitchini, mpaka belu la chipinda china linalira. Anali agogo ena amene ankafunika kuwatembenuza pabedi, ndipo anasamba m'manja n'kupita.