Kapu ya Mayi Botolo

Ana ankawatcha Mayi Botolo. Kwa zaka makumi awiri, Lolemba lililonse aphunzitsiwa ankatunga madzi mumtsinje wa kuseri kwa sukulu n'kuika botolo patebulo, kuti ana adzionere okha mafuta akuyandama.

Tsiku lina mwini galaja ya kumtunda, amene ankataya oilo mumtsinjemo, anatulukira m'kalasi atalusa.

"Mayi, mukundiipitsira mbiri kwa anawa. Madziwa ndi abwinobwino!"

Ahedi, amene anamutsatira m'kalasimo, anayamba kupepesa, koma mayiwo sanatekeseke. Anatsanulira madziwo m'kapu, ana onse maso ali tong'o.

"Ndiye imwani, bambo. Dzuwa lonseli, ludzu lisakupheni."

Bamboyo anatuluka osatsanzika.

Mayiwo anapuma ntchito chaka chatha, koma kapuyo, imene anaiika pawindo m'kalasimo tsiku lomwe lija, anakana kuichotsa. Akuti mwini wake, wa galaja uja, sanamwebe.